Safunsa Adadya Phula

Makolo athu adati safunsa adadya phula. Munthuyo uchi adaupeza ndithu, koma poti analibe womufunsa kapena adanyozera kufunsa, adatafuna phula n'kumati wadya zokoma. Mwambiwu ukundibwerera masiku ano pamene mawu oti “Mulungu wandiuza” afika potseka pakamwa aliyense.

Taganizirani mayi yemwe banja lake likugwedezeka. Abusa akuti pirirani. Mneneri wa pa Facebook akuti apongozi anu ndiwo akulodza banja, fesani mbewu kuti goli lithyoke. Ankhoswe akuti tikhale pansi tikambirane. Anzake a kumapemphero a kuphiri alota maloto, ndipo iye mwini walota ena osiyana nawo. Onsewa akutchula dzina la Mulungu mmodzi. Amvere ndani?

Ine ndikuti choyamba ayang'ane liwu lomwe likudana ndi kufunsidwa. Limenelo alikayikire.

Baibulo silichita manyazi ndi anthu ofunsa. Mnyamata Samueli atamva kuitana usiku adathamangira kwa Eli katatu konse, ndipo nkhalamba ija, maso ali chimbuuzi, ndiyo idazindikira kuti woitanayo ndi Yehova. Anthu a ku Bereya adayamikiridwa chifukwa tsiku ndi tsiku ankafufuza m'malembo ngati zomwe Paulo ankalalikira zinali zoona. Ngati mtumwi Paulo adayesedwa ndi malembo, mneneri wa m'dera mwathu ndi yani kuti akalipire nkhosa zake akafunsidwa? Koma lero mukangoti “abusa, zimenezi zalembedwa pati?” mumauzidwa kuti muli ndi mzimu wogalukira, ndi kuti wodzozedwa satsutsidwa.

Mapeto a mantha otere tidawaona ku Kenya mu 2023. M'nkhalango ya Shakahola adafukula mitembo yoposa 400 ya otsatira a Paul Mackenzie, ambiri mwa iwo atafa ndi njala chifukwa adauzidwa kusala kudya kuti akakumane ndi Yesu. Ana analimo. Anthuwa sanali opanda nzeru. Adangochotsedwa pakati pa abale ndi anansi omwe akadawafunsa kuti kodi mukupita kuti. Kwathu kuno nkhani imabwera mwakachetechete: wodwala amasiya ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa wapatsidwa madzi odzozedwa, ndipo walangizidwa kuti asauze adokotala kapena mkazi wake poti adzafooketsa chikhulupiriro chake.

Komatu tisangoloza chala aneneri. Nthawi zambiri vuto lili ndi ife ofunsafe, chifukwa timafunsa titasankha kale yankho. Mfumu Ahabu idafuna kukamenya nkhondo ku Ramoti Gileadi, ndipo aneneri ngati 400 adavomereza ndi liwu limodzi kuti ipite. Yehosafati, mfumu ya Yuda, sadakhutire. Adafunsa ngati panalibenso mneneri wina wa Yehova. Analipo, Mikaya, koma Ahabu ankamuda chifukwa sankamunenera zabwino. Mikaya adanena zowawa, adatsekeredwa m'ndende, Ahabu adapita kunkhondo ndipo muvi udamupeza. Ndi angati a ife timachita za Ahabu? Abusa athu akatikaniza kukwatira mwamuna wa mwini, timasamukira ku utumiki wina, kenaka wina, mpaka tipeze wotiuza kuti waona ukwati wathu m'masomphenya. Mapanga awiri avumbwitsa. Kufunsa koona n'kupita kwa munthu yemwe amakudziwa bwino, sakufuna ndalama yako, ndipo saopa kukukhumudwitsa.

Pali china chomwe ndimachiona pa mawu onyenga: amakhala ndi phuma. Lero lomwe, usiku uno, khomo lisanatsekeke. Akuluakulu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindikuona chifukwa choti Mulungu aope sabata imodzi yoti munthu apemphere, awerenge malembo, akambirane ndi mkulu wa mpingo ndi a m'banja mwake.

Chovuta kwambiri ndi pamene mawu osiyanawo akuchokera kwa anthu abwino okhaokha. Paulo ali ku Kaisareya, mneneri Agabo adatenga lamba wa Paulo, nadzimanga manja ndi miyendo, kusonyeza kuti Pauloyo akamangidwa ku Yerusalemu. Ulosiwo unali woona. Abale adalira, namupempha kuti asapite. Paulo adawamvetsera mpaka mtima kumusweka, koma adapitabe, ndipo iwo adaleka kumukakamiza nasiya nkhaniyo m'manja mwa Ambuye. Agabo adanena zomwe zidzachitike. Sadalande udindo wa Paulo wosankha, ndipo sadamutemberere chifukwa chosatsata zofuna za gulu. Mneneri kapena mbusa wochita chonchi ndi amene mayi wa banja logwedezeka angakhale naye pansi, pamodzi ndi ankhoswe ake, n'kufotokoza zonse, kuphatikizapo zomenyedwa ngati zilipo, popanda kuopa kuti auzidwa kuti akhale chete.