Khutu limadula mawu pati?

Khutu la wolankhula Chichewa limadula mawu pamene pathera lembo la liwu. N'chifukwa chake mawu a Chingerezi akuti school, omwe kwa eni ake ndi phatikizo limodzi, ife tinawaphwanya patatu: su-ku-lu. Wina angatsutse kuti m'mawu akuti mtengo, "m" amaima yekha popanda lembo la liwu. Zoona, koma "m" ameneyu ndi "mu" wofupikitsidwa, ndipo khutu limamuwerengabe ngati phatikizo lathunthu. Tamverani mbale ndi m'bale: yodyera nsima ili ndi maphatikizo awiri, mba-le, pomwe wobadwa naye ali ndi atatu, m-ba-le. Choncho, aphunzitsi a Sitandade 1, ana aziyamba aomba m'manja pa phatikizo lililonse pomva mawu, choko chisanakhudze bolodi.