Funde limayenda, madzi amatsala

Pagombe la nyanja, kaya ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, pamachitika chinthu chimene maso amaona koma mutu umachedwa kuchivomera. Mafunde amabwera motsatizana kulunjika kumtunda usana ndi usiku. Koma tsiku lopanda mphepo, chikuni choyandama patali sichibwera nawo. Chimangokwera ndi kutsika pamalo omwewo. Madzi akanakhala kuti amayendera limodzi ndi mafunde, bwenzi nyanja yonse itathera m'midzi kalekale.

Chimene chimayenda ndi mphamvu. Madzi a pamalo amodzi amangozungulira pang'ono: amasunthira kutsogolo nsonga ya funde ikamadutsa, n'kubwerera m'mbuyo ikadutsa, ndipo potero amapatsira mphamvuyo madzi oyandikana nawo. Apa ndiye pagona phunziro lonse la mafunde m'fizikisi, ndipo zimandipweteka kuti mwana atha kumaliza Fomu 4 ataloweza masamu ake onse pamtima, mfundo iyi osaigwira.

Masamuwo si ovuta. Funde limayezedwa msinkhu wake, mpata wa pakati pa nsonga ziwiri zotsatizana, ndi kuchuluka kwa nsonga zodutsa pamalo amodzi pa sekondi. Mukachulukitsa mpatawo ndi kuchuluka kwa nsongazo mwapeza liwiro la funde. Koma pa msinkhu m'pofunika kuimapo. Funde likakula kawiri, mphamvu yake imakula kanayi. Likakula katatu, mphamvu imakula kasanu ndi kanayi. N'chifukwa chake nyanja imene m'mawa inali yowoloka ndi bwato imasanduka manda pofika masana, ngakhale kuti poiyang'ana mafunde angokwera pang'ono.

Asodzi amadziwa zimenezi mwera ukayamba. Kukula kwa mafunde kumadalira mphamvu ya mphepo, nthawi imene yawomba, ndi mtunda umene yayenda pamwamba pa madzi popanda chotchinga. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 500 kuchokera kumwera kufika kumpoto, ndipo mwera umawomba motsata utali womwewo. Funde lobadwira kufupi ndi Mangochi limadyetsedwa ndi mphepo njira yonse, choncho kumpoto limafika litakhwima. Pa 30 July 1946, mkati mwa nyengo ya mwera, sitima ya Vipya inamira pafupi ndi Chitimba ndipo anthu 145 anafa.

Nanga bwanji funde limasweka likafika pagombe? Kuzungulira kwa madzi kuja kumafika pansi ndithu, mpaka pafupifupi theka la mpata wa nsonga ziwiri. Pamadzi osaya funde limayamba kukhudza mchenga, liwiro limachepa, nsonga zimayandikana, ndipo mphamvu yomweyo imapanikizika m'madzi ochepa. Funde limatukuka mpaka nsonga yake kugwera kutsogolo. Pa 26 December 2004 dziko linaona kuopsa kwa zimenezi. Chivomezi cha pansi pa nyanja kufupi ndi Sumatra chinautsa mafunde amene pakati pa nyanja ya Indian ankathamanga pafupifupi makilomita 800 pa ola, koma anali aafupi moti a m'sitima sakanawazindikira. Patapita maola pafupifupi 7 anafika ku Somalia, n'kutukuka, n'kupha anthu ku Hafun ndi m'madera ena a m'gombe. Palibe madzi a ku Sumatra amene anafika ku Africa tsiku limenelo. Inafika ndi mphamvu yokha.

Mawu nawo ndi mafunde, kungoti amayenda mumpweya. Ng'oma ikalira kudambwe, mpweya wa kumeneko subwera kukhutu kwanu. Chikopa chimanjenjemera, chimakankha mpweya wokhudzana nacho, umenewo n'kukankha wotsatira, mpaka kukankhako kufika pa inu. Woimba ng'oma akamaiwamba pamoto amakhala akukunga chikopa kuti chizinjenjemera mofulumira, mawu akwere. Akamata phula pakati, chikopa chimalemera, chimanjenjemera mochedwa, mawu n'kutsika. Anthu amenewa amasintha kuchuluka kwa mafunde pa sekondi ndi manja awo, molondola kwambiri, ndipo sindiona chifukwa chimene phunziro la mawu lingayambire pa bolodi pamene m'mudzi muli ng'oma. Muyeso wa kuchuluka kwa mafunde pa sekondi umatchedwa hertz, pokumbukira Heinrich Hertz amene m'chaka cha 1887 anaonetsa kuti mafunde a wailesi alipodi. Khutu la mwana limamva kuyambira pa ma hertz 20 mpaka pafupifupi 20,000. Mileme imalira kupitirira pamenepo, n'kumamvetsera mawu ake akabwerera atagunda khoma kapena kachilombo. Makina a sikani ounikira mayi woyembekezera amagwiranso ntchito mwanjira yomweyo.

Kuwala ndi mafunde a wailesi ndi a mtundu wina, chifukwa safuna madzi kapena mpweya woti ayendemo. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mlengalenga mopanda kanthu n'kutipeza patatha mphindi 8 ndi masekondi pang'ono, pa liwiro la makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi.

Kusiyana kumeneku ndikufuna kholo lililonse likudziwe mvula isanayambe. Ching'aning'ani ndi bingu zimabadwa nthawi imodzi pamalo amodzi. Kuwala kumakufikani nthawi yomweyo, pamene kugunda kumatenga masekondi pafupifupi 3 pa kilomita iliyonse. Kukang'anima, yambani kuwerenga. Mukafika pa 15 musanamve kugunda, mphezi yagwa pa mtunda wa makilomita 5. Mukamva kugunda musanafike pa 6, ili mkati mwa makilomita awiri. Alangizi a zanyengo amati kuwerengako kukapanda kufika pa 30, munthu ali kale pamalo oti mphezi yotsatira itha kumupeza.

Chaka ndi chaka timamva za ana amene mphezi yawapha pabwalo la mpira, kubusa, kapena atabisala pansi pa mtengo. Pamaliro pamakambidwa zambiri, nthawi zina mpaka kulozana zala, koma za kuwerenga masekondi sizimveka. Mwana wa Sitandade 5 atha kuphunzira zimenezi tsiku limodzi. Akawerenga n'kupeza kuti kugunda kwafika msanga, asiye mpira, atuluke m'madzi, atalikirane ndi mtengo woima paokha, alowe m'nyumba, ndipo adikire mphindi 30 chigundire bingu lomaliza asanatulukenso.