Ndasi labwino ndi lolemera m'manja

Mandasi a masiku ano akula koma sakukhutitsa. Ndikunena izi ine munthu amene sindidutsa pa Bwanje osatulutsa dzanja pawindo la minibasi. Ukaliona m'chidebe muja, ndasi limakhala lotupa, lofiirira bwino, lokopa maso. Ukangoliluma limaphwa pompo, m'kamwa n'kutsala chikopa ndi fungo la soda. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bola mkuyuwo uli ndi nyerere. Ndasi la lero m'kati mwake ndi mphepo yokhayokha.

Labwino limadziwika lisanafike kukamwa. Liikeni pachikhatho, limveke kuti mwanyamula chakudya. Lidinikizeni ndi chala, malo mwadinawo abwerere pang'onopang'ono. Kenako linyemeni pakati. Mukapeza timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri, tofanana kuyambira m'mphepete mpaka pakati, dziwani kuti mwini wake anakanda ufawo mpaka mikono kuwawa. Mukapeza chibowo chimodzi chachikulu, kapena pakati pali poyera ponata, wina anathamangira ndalama. Onaninso pepala limene akukulungirani, kaya ndi la nyuzipepala kaya ndi lothothola m'kope la mwana wa sitandade 6. Timadontho tiwiri titatu ta mafuta si mlandu. Koma pepala likanyowa mpaka masamu a kuseri kwake n'kumawerengeka, ndasilo lamwa mafuta, ndipo chilungulira chikudikirani musanafike pa Golomoti. Muyeso wotsiriza ndi tiyi. Ndasi lenileni mukaliviika m'kapu limamwa tiyiyo n'kutuluka lathunthu. Labodza limasungunukira momwemo, mumachita kulivuula ndi supuni.

Zopangira zake palibe chachinsinsi: fulawa, shuga, kamchere, yisiti, madzi ofunda, ena amathirako kamkaka akakhala nako. Chimene chimasiyanitsa mayi uyu ndi uyo ndi nthawi. Ufa wa yisiti umafuna kuukanda mpaka usiye kumata beseni, kuuvundikira ndi chitenje, n'kuusiya ufufume wokha. Apa chigwa cha Bwanje chili ndi khalidwe lakelake. Kumapiri, cha ku Lizulu kapena ku Tsangano, mwezi wa June beseni amachita kuliyandikitsa kumoto kuti ufa udzuke. Kuno kuchigwa, makamaka mu October ndi November, kutentha kumauthamangitsa. Ukaukanda madzulo ndi yisiti wochuluka, pofika m'bandakucha wafufuma mopitirira, wagwa, wayamba kununkha mowa. N'chifukwa chake mayi wodziwa ntchito yake amachepetsa yisiti nyengo yotentha, kapena amadzuka tambala woyamba n'kukanda nthawi yomweyo. Wosafuna kuvutika amangothira baking powder ndi soda wambiri, mphindi zochepa ufa uli m'mafuta. Soda akachuluka amamveka palilime ngati sopo, ndipo m'kati mwa ndasi mumaoneka chikasu.

Za mafuta ndi moto n'zosavuta kumva, kuchita kwake ndiko kumavuta. Moto ukakula, kunja kumapserera m'kati muli mwauwisi. Ukachepa, ufa umangokhala m'mafuta n'kumamwa. Ndinaimapo m'mawa wina pafupi ndi mayi wina wachikulire akukazinga kuseri kwa tiyirumu. Asanayambe anatsina kaufa n'kukaponya m'chiwaya. Kanamira, n'kukhala pansi kanthawi. Iwo anapukusa mutu, nasonkhezera nkhuni ziwiri, n'kudikira. Kachiwiri kanamira n'kuyandama nthawi yomweyo, kakuchita thovu m'mbali. Apo m'pamene anayamba kuika mandasi, ochepa okha nthawi imodzi, akuwatembenuza ndi kamtengo kosongoka. Nditawafunsa kuti bwanji osadzaza chiwaya kuti ntchito ithe msanga, anandiyang'ana n'kuti: "Bambo, mukawaunjika mafuta amazizira. Mukufuna mudye mandasi kapena mumwe mafuta?" Mafuta awo anali oyera, pansi pa chiwaya pakuoneka. Ambiri amakazingira mafuta omwewo mpaka kuda bii, kumangothiramo atsopano pamwamba, ndipo kuwawa kumene mumamva kukhosi mukatha kudya kumachokera pamenepo.

Komabe sindikufuna kuwasenzetsa mlandu wonse amayi a geni. Tirigu amene timadya m'dziko muno pafupifupi yense ndi wochokera kunja. Amatsikira pamadoko a ku Mozambique monga Nacala, n'kudzagayidwa m'zigayo zikuluzikulu ngati cha Bakhresa ku Blantyre. Kwathu kuno amalimidwa pang'ono chabe, kumalo ozizira ngati ku Tsangano m'boma lomwe lino la Ntcheu ndi ku Neno, ndipo sangakwanire ngakhale kadzutsa wa mzinda umodzi. Choncho nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu February 2022, mayiko awiri ogulitsa tirigu ndi mafuta a mpendadzuwa wambiri padziko lonse, kukwera kwa mitengo kunafika mpaka m'chidebe cha pa siteji. Mu May chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Fulawa, mafuta, shuga, zonse zinakwera. Mayi amene mpamba wake ndi ngongole ya kubanki mkhonde, yobweza ndi chiwongoladzanja, ali ndi njira zitatu: akweze mtengo, achepetse ndasi, kapena alipope. Akakweza, ogula amapita kwa mnzake. Akachepetsa, timamunyoza kuti mandasi ake ndi a ana. Ndiye amalipopa. Ndipo wamuphunzitsa zimenezi ndi ife, amene timasuzumira m'chidebe n'kuloza kuti, "Mundipatse lalikululo."

Kumayiko akunja kuli kabuledi kena kotchedwa bagel, kozungulira, kokhala ndi bowo pakati, kamene mbiri yake ikufanana ndi vuto lathuli. Kanachokera kwa Ayuda a ku Poland, ndipo dzina lake likupezeka m'malamulo a Ayuda a mumzinda wa Kraków a m'chaka cha 1610. Kapangidwe kake n'kachilendo kwa ife. Ufa wake ndi wolimba, amaugoneka pozizira usiku wonse, m'mawa amauponya kaye m'madzi owira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako m'pamene umalowa mu uvuni. Kuwiritsako ndi kumene kumachititsa kuti kunja kukhale kosalala konyezimira, m'kati mukhale mothinana mofuna mano. Ayudawo atasamukira ku America anapita nako, ndipo mpaka lero anthu a ku New York ndi a ku Montreal sagwirizana kuti kabwino n'ka kuti. A ku Montreal amathira uchi m'madzi owirawo n'kuwotcha pa nkhuni, kawo n'kochepa, kotsekemera, bowo lake lalikulu. A ku New York kawo n'konenepa ndipo kali ndi mchere. Makina opangira bagel atabwera m'zaka za m'ma 1960, mafakitale ambiri anasiya kuwiritsa, n'kumangopopera nthunzi mu uvuni. Zotsatira zake ndi bagel wamkulu, wofewa, wopanda mphamvu, ndasi lathu lija ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko ogula ena anakana. Amakangana, amalemba m'nyuzi, amaima pamzere pakhomo pa wophika amene akuwiritsabe, n'kulipira mtengo wokwererapo osadandaula. Ife mkangano wotere timauchita pa mpunga wa Kilombero ndi pa chambo, koma pa ndasi funso lathu ndi limodzi: "Bwanji limodzi?"

Nanga labwinolo lili kuti? Mumsewu wa M5 uwu, wochokera ku Balaka kupita ku Salima, pa Bilila, pa Bwanje, pa Sharpevale, pa Kasinje, siteji iliyonse ili ndi zidebe zake. Langizo langa n'lakuti musadalire chidebe chothamangira pawindo. Wogulitsa pamenepo akudziwa kuti simudzaonananso, ndipo mukamazindikira kuti mwagula ogona minibasi ili patali. Tsikani. Funsani anyamata a kabaza kumene amamwera tiyi. Iwowa amapalasa tsiku lonse ndi matumba a chimanga kumbuyo, amadziwa ndasi limene limafika nawo masana ndi limene limatha asanakwere chitunda choyamba. Pitani pachigayo, pamene amayi amadikira nthawi yaitali ndipo onse ndi odziwa kuphika, wogulitsa zabodza sakhalitsapo. Pitani kutiyirumu imene ili ndi makasitomala omwewo tsiku ndi tsiku. Ndipo pitani m'mawa, dzuwa lisanakwere. Ndasi likakhala m'chidebe chotseka padzuwa la kuchigwa limachita thukuta, pofika masana chikopa chafewa, fungo lasintha.

Onaninso manja. Chiyambire mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sindigula kwa munthu amene akutola mandasi ndi dzanja lomwelo akulandirira ndalama, kapena wouzira mpweya m'jumbo kuti itseguke. Foloko kapena kamtengo si zodula. Ndaona kuti mayi wosamala pa foloko nthawi zambiri ndi yemwenso amasamala pa mafuta.

Pena mukayenda zidebe zonse osapeza lolemera, musalimbikire. Gulani zitumbuwa. Izo sizidikira sitima ya ku Nacala: ndi nthochi zakupsa kwambiri, zija zayamba madontho akuda, kuzisinja n'kusakaniza ndi mgaiwa, kamchere, basi. N'zovuta kuzipopa chifukwa ufa wa chimanga sukoka ngati wa tirigu, ndiye chimene mwaona ndi chimene mudye. Chabwino chimakhala chakuda pang'ono m'mphepete, chofewa pakati, shuga wake wa nthochi yomweyo. Pali chigumu, pali chikondamoyo, palinso mkate wa nthochi wokulunga m'masamba n'kuphika m'madzi, umene ana a m'tauni ambiri sanaulawepo ndipo sufuna mafuta ngakhale dontho. Zimenezi ena amaziona ngati zachimidzi, amachita manyazi kuzidya m'basi, pamene ndasi la mphepo amalidya monyadira.

Mukamupeza mayi wa mandasi olemera, musamufunse kuti, "Mayi, ndi a lero?" Palibe amene anayankhapo kuti ayi. Gulani limodzi, munyeme pamaso pake, mudye muli chiimire. Likakhala labwino muuzeni, mugule ena asanu, ndipo akakuuzani mtengo wokwererapo kusiyana ndi wa anzake musayambe kunenerera kapena kupempha basera. Fulawa amene walowa m'ndasi limodzi lakelo, enawo apangira awiri.