GALIMOTO YALIWIRO KAPENA YOKAFIKA?

Mnyamata wina wa kuno ku Malowera wandifunsa kuti: "Agogo, ndasunga ndalama za fodya zaka zinayi. Ndigule Toyota Altezza?"

Mdzukulu wanga, chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Altezza anaipangira msewu wa phula. Mimba yake sitalikira pansi ngakhale masentimita 15, ndipo imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Hilux imaposa masentimita 20.

Tsono taganiza. Ndi mwezi wa Januwale, mvula yagwa, mkazi wako wadwala pakati pa usiku, ulendo wa ku Fingoè. Galimoto yokongolayo yakhala pamwala, oyilo watayika. Udzaitana yani?

Mwini galimoto imodzi asamafunse za liwiro. Afunse zitatu izi: Kodi idutsa m'matope? Inyamula matumba angati a chimanga? Nanga makaniko wapafupi amazipeza zitsulo zake?

Ngati mtima wakakamirabe liwiro, yang'ana Subaru Forester. Njokwera ndipo imakoka ndi matayala onse anayi, koma yamba wafunsa za zitsulo.

Kuthamanga sikufika, mdzukulu wanga.