Mayi amene anagula zithunzi asanamange khoma

Ambiri amaganiza kuti ntchito ya mkulu wa nyumba yosungira zojambulajambula ndi kukhoma misomali, kupachika zithunzi, basi n'kutchena tsiku lotsegulira chionetsero. Mayi Cynthia Zukas anaigwira ntchitoyi zaka zoposa 30 bungwe lawo lilibe ngakhale khoma lakelake loti n'kukhomapo msomali.

Anabadwira ku Cape Town mu 1931 ndipo anaphunzira zojambula pa yunivesite ya kumeneko. Ku London anakumana ndi a Simon Zukas, amene atsamunda anawapirikitsa ku Northern Rhodesia mu 1952 chifukwa chokana chitaganya. Anakwatirana, ndipo Zambia italandira ufulu banjali linadzakhazikika ku Lusaka.

Vuto la ojambula athu n'lakale. Chithunzi chikakhala chabwino, wochigula amakhala mlendo, ndipo nthawi yake ikatha amachikulunga n'kukwera nacho ndege. Wojambulayo musamudzudzule, kunyumba ana akudikira ufa. Koma dziko limatsala chimanjamanja, adzukulu n'kumadzangomva kuti kunali katswiri wakuti. Ichi n'chimene chinabala Lechwe Trust mu 1986, pomwe Mayi Zukas anagwirana manja ndi a Henry Tayali komanso Mayi Bente Lorenz, woumba zadothi. Cholinga chinali kugula ntchito za Azambia kuti zitsale kuno, ndi kulipirira maphunziro achinyamata aluso. A Tayali, amene anapanga chifanizo cha The Graduate pa yunivesite ya Zambia, anamwalira ku Germany chaka chotsatira. Bungwe likanatha kufera pomwepo. Silinafe, linapitiriza kugula mwakachetechete, ndipo nyumba yake yoonetsera inadzatsegulidwa ku Lusaka mu 2018.

Kwa ine ukulu weniweni ndi umenewu: kusankha chogula ndalama zili zochepa, ndi kukhulupirira wojambula amene sanatchuke. Suti ndi maliboni zimabwera pambuyo.

Komabe ndili ndi kachidandaulo, ndipo ndikukalankhulira ku dooko la Chanyanya kuno. Lechwe, nyama imene bungweli linatengako dzina, kwawo ndi m'madambo a Kafue omwewa, kumtunda ku Lochinvar ndi Blue Lagoon. Dzina linapita m'tauni, zithunzi sizinabwere. Mwana wa msodzi wa pa dooko pano amakula akuona luso tsiku ndi tsiku: dzina lolembedwa mokhotakhota pa bwato, nsomba yojambulidwa pakhoma la golosale, tambala wa pa chikwangwani cha shabini. Amene amajambula zimenezi amalipidwa ngati waganyu, mwina ndi mulu wa nsomba, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti dzanja ngati lakelo linafikitsa mwana wa ku Serenje, Henry Tayali, ku Makerere ndi ku Düsseldorf. Kuchoka m'tauni ya Kafue kukafika ku Lusaka sipakwana makilomita 50, koma kholo limene lagulitsa nsomba zochepa silingalipire minibasi kuti mwana akaone zithunzi. Ndani angalinene?

Ndikudziwa chimene woyang'anira aliyense angayankhe. Chinyezi cha kumtsinje chimaononga nsalu ndi utoto, fumbi la mumsewu wathu silisankha, ndipo chithunzi cha utoto wamafuta chimakhala chimodzi chokha, chikang'ambika chapita. N'zoona, ndipo munthu amene wasamala katundu zaka zonsezi sitingamuuze kuti amuponye pa lole ngati matumba a makala.

Koma Mayi Zukas eni ake anatchuka ndi zithunzi zodinda, ndipo a Tayali nawonso ankasema thabwa n'kudindira pa pepala. Thabwa limodzi limatulutsa makope angapo, ndipo ngakhale kope lojambulidwa ndi kamera n'lokwanira poyambira. Makope 20 m'mafelemu agalasi, kalasi imodzi ya pasukulu, sabata imodzi ya m'chilimwe msewu utauma, ndi mphunzitsi mmodzi wosunga kiyi. Tsiku lotsegulira, mlendo wolemekezeka akhale uja amalemba maina pa mabwato, abwere ndi burashi yake aonetse ana mmene amasakanizira utoto.