Chithunzi chikang'ambika pakati, TV sinafe

M'misika ya m'malire muno, monga ku Ulongwe ndi ku Calomue, muli tinyumba tomwe anyamata amalipira kuti amenye mpira wa pa kanema. Mwa eni tinyumbati alipo amene amadandaula kuti TV zawo zopyapyalazi zili ndi matenda. Masewera akafika potentha chithunzi chimaduka chopingasa, mutu wa wosewera uku, miyendo uko. Mwini wake amathamangira kwa mmisiri, ndalama n'kupita, vuto lili pomwepo.

Nkhani yake yagona pa nthawi. TV sionetsa chithunzi chonse kamodzi. Imayambira pamwamba kutsikira pansi, mzere ndi mzere, ndipo TV zambiri zimabwereza ntchitoyi ka 60 pa sekondi imodzi. Makina a masewera nawo ali ndi liwiro lawolawo. Akatumiza chithunzi chatsopano TV ili pakatikati, kumtunda kumatsala chakale, kumunsi n'kulowa chatsopano. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: mmodzi akaphonya nthawi minsi imagundana, koma mtondo ulibe mlandu. Pa Chingerezi vutoli amalitcha screen tearing.

Mankhwala ake ndi V-Sync, lamulo louza makina kuti adikire TV imalize kaye chithunzi chomwe yayamba. Pa kompyuta, masewera ambiri ali ndi malo oyatsira V-Sync. Koma mankhwalawa ndi owawa pang'ono. Kudikirako kumachedwetsa masewera: chala chadina kale, wosewera wa pa kanema n'kumenya mpira mochedwerapo. Makina akakhala ofooka, zithunzi zimatha kutsika kuchoka pa 60 kufika pa 30 pa sekondi. N'chifukwa chake akatswiri ena amazimitsa V-Sync mwadala, ati bola chithunzi chong'ambika kusiyana ndi kugoletsedwa.

Pa makina akale monga Xbox 360 ya 2005 ndi PlayStation 3 ya 2006, masewera ambiri alibe poyatsira V-Sync. Anasankhiratu ndi opanga masewerawo, ndipo palibe mmisiri wa pamsika amene angasinthe zimenezo ngakhale atamasula TV yonse.

Njira yatsopano ndi VRR, pomwe TV ndiyo imadikira makina. Inalowa m'malamulo a HDMI 2.1 mu 2017, ndipo PlayStation 5 inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2022. Koma imafuna kuti TV ndi makina onse awiri aziidziwa. Wogulitsa akamatama TV ya VRR kwa munthu wa PlayStation 3, akungofuna ndalama zake basi.

Tsono asananyamule TV kupita nayo kwa mmisiri, mwini wake ayambe waikamo filimu kapena nkhani. Chithunzi chikakhala chosalala, TV ili bwinobwino. Koma mzere ukakhala malo amodzi osasuntha, pa filimu ndi pa masewera pomwe, apo ndiye mmisiri aitanidwe.