Zolakwa za Ophunzira Kuyendetsa Ndeke: Mayeso a m'Mitambo Sayenera Kufewetsedwa

LUSAKA – Dzinja likafika, kuyambira November kufikira April, mitambo imatsika ndi kuphimba mzinda wa Lusaka. Anthu a ku Chelstone amangomva kulira kwa ndeke zopita ku bwalo la Kenneth Kaunda koma osaziona, ndipo nayenso woyendetsa saona nthaka. M'miyezi ya August mpaka October utsi wa lupsa umabisanso dziko. Pa nthawi zotere moyo wa okwera umadalira luso limodzi: kuyendetsa ndeke mwa kuwerenga zipangizo za m'kati, popanda kuyang'ana kunja.

Luso limeneli lili ndi mayeso akeake. Bungwe la ICAO, loyang'anira za ndeke pa dziko lonse, limafuna kuti wophunzira akwanitse maola 40 ouluka ndi zipangizo zokha asanapatsidwe cilolezo. Muno mu Zambia zilolezo zimacokera ku Civil Aviation Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2012. Pa mayesowo wophunzira amavala cocinga maso kuti asaone kunja, woyesa ali cikhalire pambali pake.

Colakwa coyamba ndico kukhulupirira thupi. M'mitambo, mbali ya khutu imene imauza munthu kuti waongoka imanama. Ndeke ikapendekeka pang'onopang'ono, woyendetsa amamva ngati ili bwino, ndipo akaiongola amamva ngati yapendekeka. Mu 1954 yunivesiti ya Illinois ku America inayesa oyendetsa 20 osaphunzira lusoli: onse analephera kuigwira ndeke, ndipo avareji ya nthawi imene anapirira inali masekondi 178.

Caciwiri ndico kuyang'anitsitsa cipangizo cimodzi. Wophunzira akaona kuti watsika pang'ono, maso ake amakakamira pa coyezera kutalika, ndipo pamene akukonza zimenezo ndeke yapatuka kale pa njira yake.

Cacitatu cimaoneka cacing'ono. Coyezera kutalika cimafuna nambala ya mphamvu ya mpweya imene a pa nsanja amapereka pa wailesi. Kuphonya nambalayo ndi 10 kumasokoneza muyeso ndi mamita opitirira 80. Bwalo la Kenneth Kaunda lili pa mafiti pafupifupi 3,780 pamwamba pa nyanja, motero singano ikaloza mafiti 4,000, pakati pa ndeke ndi nthaka patsala mafiti 220 cabe.

Colakwa comwe oyesa sakhululuka ndico kutsika kupyola malire. Ndeke ili m'mwamba, kuphonya ndi mafiti 100 kumaloledwa. Koma potera pali mlingo umene woyendetsa, ngati sanaone bwalo, ayenera kukweranso ndi kuyesa kaciwiri. Wophunzira amene aopa kuti kubwerera kumuonetsa wolephera amatsikabe, nalephera pomwepo.

Mantha amenewa ali ndi gwero lake. Ola lililonse m'mwamba limadya ndalama zambiri, ndipo wobwereza mayeso amalipiranso ndeke, mafuta ndi mlangizi. Banja la ku Kabwata limene lakongola kuti mwana aphunzire limamva kuwawa koposa la ku Kabulonga kapena ku Woodlands. Apa ndi pamene pamabadwira ciyeso cakuti wophunzira athamangire mayeso asanapse, ndi cakuti woyesa amve cifundo.

Mbiri ikuonetsa mtengo wa cifundo cotere. Pa 27 April 1993 ndeke ya asilikali inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, nipha anthu 30, pamodzi ndi osewera mpira 18 a timu ya dziko lino. Lipoti la boma la Gabon la mu 2003 linati injini ya kumanzere itagwira moto, woyendetsa, amene anali wotopa, anazimitsa ya kumanja. Ku Malawi, pa 10 June 2024, ndeke yonyamula waciwiri kwa mtsogoleri wa dzikolo a Saulos Chilima inagwa m'nkhalango ya Chikangawa ikuuluka m'munsi pa nyengo ya mitambo, ndipo anthu onse 9 anamwalira. Oyendetsawo sanali ophunzira, koma zosankha za mtundu umenewu ndi zomwe mayeso amafufuza. Dziko nalonso limalipira: kuyambira 2009 kufikira 2016 makampani a ndeke a mu Zambia analetsedwa kuuluka ku maiko a European Union cifukwa ca kufooka kwa kayang'aniridwe ka citetezo.

Njira yocepetsera mtolo wa makolo ilipo. Malamulo a ICAO amalola kuti gawo la maola 40 aja licitikire pansi, m'makina oyerekezera ndeke, momwe wophunzira angalakwe kambirimbiri popanda ngozi ndiponso pa mtengo wotsika. Boma ndi masukulu monga ZASTI, yomwe ili pafupi ndi bwalo la Kenneth Kaunda, acita bwino kuika ndalama pa makina otere ndi pa alangizi okwanira. Muyeso wa mayeso wokha ukhale pamene uli, pakuti wolephera lero angathe kubwerezanso mwezi wamawa.